Fomu ya local content ikasintha, yambirani ku kaundula wa masapulaya

Bungwe loyang'anira migodi kapena mafuta likatulutsa fomu yatsopano ya lipoti la local content (lipoti loonetsa kuchuluka kwa ntchito ndi malonda amene kampani yapereka kwa eni dziko), ambiri amathamangira kuidzaza. Ine ndimati iyambe yadikira. Tengani lamulo lakale ndi latsopanolo, muwerenge ndime yofotokoza kuti kampani ya eni dziko ndi yotani. Ndime imeneyo ikasintha, manambala anu onse asintha nayo.

Taonani ku Guyana. Lamulo lawo la 2021 silikhutira ndi kungolembetsa kampani m'dzikomo. Nzika zikhale ndi magawo 51 pa 100 a umwini, zigwire maudindo akuluakulu 75 pa 100 aliwonse, ndipo pa antchito ena onse zikhale 90 pa 100. Pa muyeso wotere, sapulaya amene mwakhala mukumuwerenga ngati wa m'dziko chifukwa choti ali ndi ofesi mumzinda ndipo amalankhula chinenero chanu akhoza kugwa.

Ndiye ntchito yeniyeni ili mu kaundula wa masapulaya. Lemberani aliyense kuti atumize setifiketi yolembetsera kampani, mndandanda wa eni masheya ndi chiwerengero cha antchito ake, nzika pazokha, akunja pawokha. Wokana kutumiza musamuwerengere kumbali ya eni dziko, ngakhale mutamudziwa kuyambira kalekale. Samalaninso ndi makampani ongobwereka dzina la nzika pomwe ndalama ndi ulamuliro zili kunja. Ofufuza a boma amawadziwa, ndipo chilango chingagwere inu amene munasaina lipotilo. Mukatero, uzani a maakaunti awonjezere danga mu kompyuta loti malipiro aliwonse azilembedwa gulu lake tsiku lomwelo. Kusanthula malisiti a chaka chonse sabata yomaliza n'kumene kumabala manambala ongopeka. Funsaninso ngati fomuyo ikusiyanitsa katundu wopangidwa m'dziko ndi wongogulidwa kwa wamalonda wa m'dziko amene anamuitanitsa kunja, chifukwa pamenepa mpamene malipoti ambiri amapunthwa.

Tsiku lomaliza muliwerenge chobwerera m'mbuyo. Ku Nigeria lamulo la 2010 limapereka masiku 60 oyambirira a chaka kuti lipoti la pachaka lifike ku NCDMB, bungwe loyang'anira local content pa mafuta ndi gasi m'dzikolo, pomwe ku Ghana malamulo a 2013 amapereka masiku 45. Amaoneka ambiri, koma amatha mukudikira makontrakitala aang'ono omwe muwagawira ntchito. Lembani mu kontrakiti yawo kuti azipereka manambala awo mwezi ndi mwezi, ndipo malipiro azidikira mpaka atapereka. Kuwachonderera pa foni sikuthandiza.

Chimodzi chimene ambiri amachidumpha: werengeraninso manambala a chaka chatha potsatira lamulo latsopano. Gawo lanu likatsika, mudzatha kuonetsa kuti chasintha ndi kawerengedwe, osati kuti mwasiya kugula kwa eni dziko. Ziwerengero ziwirizo muziike moyandikana m'kalata yoperekeza lipoti.

Ndime ikakusokonezani, funsani bungwelo polemba kalata, ndipo yankho lawo lisungidwe mu fayilo imodzi ndi lipoti. Zonenedwa pakamwa pa msonkhano sizidzakuikirani kumbuyo, makamaka ofisala amene anazinena akadzasamutsidwa. Fayiloyo ikhale m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika dzina, amene a zogula, a maakaunti ndi olemba antchito azimutumizira manambala awo pakutha pa mwezi uliwonse.