Momwe mungalumikizire kamera ya m'galimoto kuti izijambula ngakhale injini itazima

Kamera yomata pagalasi lakutsogolo, imene ambiri amaitcha dashcam, imathandiza pakachitika ngozi ndipo aliyense akunena zake. Komabe galimoto imawonongekanso ili chiimire, pamsika kapena kuntchito, wina akaikhula n'kuthawa kapena akazula galasi la m'mbali. Nthawi imeneyo kamera imakhala yozima, chifukwa m'magalimoto ambiri ochokera ku Japan soketi yoyatsira fodya imasiya kupereka magetsi mukangozimitsa kiyi. Ngati mukufuna kujambula poyenda pokha, soketiyo ndi yokwanira. Kujambula galimoto itaima kumafuna kutenga magetsi kubokosi la mafyuzi.

Musanagule chilichonse, onetsetsani kuti kamera yanu ili ndi parking mode, njira yoti izijambula galimoto itaima. Kenako gulani hardwire kit yogwirizana nayo, yomwe ndi kabokosi kotsitsa magetsi a galimoto kuchoka pa 12V kufika pa 5V, ndipo musavomere kopanda chodulira magetsi batire ikayamba kufooka. Mufunikanso tesita kapena multimeter ndi timapulagi tiwiri totchedwa fuse tap, tolowa m'malo mwa fyuzi kuti mutengepo magetsi. Mafyuzi amasiyana kukula, pali mini, low-profile mini, micro2 ndi aakulu, choncho ndi bwino kuzula imodzi n'kupita nayo kusitolo. Galimoto ikakhala lole ya 24V, werengani pakabokosipo ngati kamalandira mphamvu imeneyo.

Bokosi la mafyuzi lofunika ndi la m'kati mwa galimoto, lomwe kawirikawiri limakhala pansi pa chiwongolero kapena chakumapazi kwa wokhala kutsogolo, ndipo chivundikiro chake chimasonyeza ntchito ya fyuzi iliyonse. Zimitsani kiyi, panitsani tesita pachitsulo, kenako gusani timitu tachitsulo ta pamsana pa fyuzi. Yoyatsa tesita kiyi ili kunja ndiyo ya magetsi osadukiza, monga ya nyali ya m'kati. Yoyaka pokhapokha mwapotoza kiyi kufika pa ACC, pamene wailesi imayaka injini isanalire, ndiyo yachiwiri, monga ya soketi ija. Musakhudze mafyuzi a airbag, a mabuleki a ABS kapena a kompyuta ya injini, chifukwa cholakwika chilichonse pamenepo chimakhudza moyo wa anthu okwera.

Kabokosi ka hardwire kit kali ndi mawaya atatu. Nthawi zambiri wachikasu amapita kumagetsi osadukiza, wofiira ku ACC, wakuda kuchitsulo cha galimoto, koma makampani ena amasinthanitsa wofiira ndi wachikasu, kotero khulupirirani zolembedwa pawayapo osati mtundu wake. Pa fuse tap, fyuzi imene mwazula m'bokosi imalowa m'malo a m'munsi, pafupi ndi timiyendo, ndipo yatsopano yaing'ono, ya 2A mpaka 5A, imalowa pamwamba. Kamwendo kotalikirana ndi waya kalowe mbali imene magetsi akuchokera, imene mungaidziwe poyeza mabowo awiri a m'bokosi fyuzi itazulidwa. Waya wakuda mumange pabawuti yolowa m'chitsulo chopanda penti, pakuti bawuti yogwira pulasitiki yokha imachititsa kamera kumangozima ndi kuyaka. Ndikupemphani kuti musalole aliyense kusenda waya wa galimoto n'kupotapo wina kapena kukulunga waya pakamwendo ka fyuzi, chifukwa pamalo otero mpamene pamatentha.

Podutsitsa waya, yambani pakamera, mumubise m'mphepete mwa denga, mutsike naye m'mbali mwa galasi. Ngati pachipilala cha m'mbali mwa galasicho palembedwa SRS Airbag, wayayo adutse kumbuyo kwa thumba la mpweya, asalipingase.

Gawo limene ambiri amalinyalanyaza ndi la malire a batire, pamene kabokosi kamadulira magetsi. Batire yodzaza bwino imasonyeza pafupifupi 12.6V injini itazima. Kamera yodya mawati 4 imakoka pafupifupi 0.33A, kutanthauza 8Ah pa maola 24 (Ah ndi muyeso wa magetsi osungidwa mu batire), ndipo ichi si chochepa kwa batire ya galimoto yaing'ono ya 35Ah kapena 45Ah, imene inapangidwira kuliza injini osati kukamidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Makabokosi ambiri amalola kusankha pakati pa 11.8V ndi 12.4V. Ine ndimalangiza 12.2V, ndipo batire ikakhala yakale kapena mumayenda maulendo afupiafupi a m'tauni, sankhani 12.4V. Mudzajambula maola ochepa, koma galimoto idzalira m'mawa. Kusankha kuti kamera izidzuka pokhapokha galimoto yagundidwa kumachepetsanso magetsi odyedwa.

Amene galimoto yawo imakhala masiku angapo osayenda angachite bwino kugula batire yapadera ya kamera ya mtundu wa LiFePO4, yomwe imatchajidwa poyenda ndipo sikhudza batire ya injini. Power bank ya foni musaisiye m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, kumatupitsa mabatire otere, ndipo n'chifukwa chake kamera ya supercapacitor, kachipangizo kosunga magetsi kopirira kutentha, imaposa ya batire ya m'kati kwathu kuno.

Musanabwezere mapulasitiki, yesani ntchito yanu. Lizani injini muone kamera ikuyaka, zimitsani muone ikulowa mu parking mode, kenako yesani nyali ndi soketi zimene mwatengako magetsi. M'mawa mwake yezani batire musanalize. Ikakhala pansi pa malire amene munasankha, zulani kamerayo ndipo pitani kwa katswiri wa magetsi a galimoto akayeze batire ndi alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira.