Kupalasa njinga pagulu mutadutsa zaka 40: poyambira pake

Abambo ambiri a zaka za m'ma 40 ndi 50 amabwera ku njinga zamatayala opyapyala mpira utayamba kuwapweteka mawondo. Panjinga thupi limakhala pachishalo, mawondo salandira kugunda kwa pansi. Koma chimene chimawasunga ndi gulu. Mukapangana kuti Loweruka 5:30 m'mawa mukumane, bulangete limavuta kulikakamira poti anzanu akudikira. Komanso pagulu mumafika kutali: wokhala kumbuyo kwa mnzake amabisala ku mphepo, ndipo pa liwiro la makilomita 30 pa ola mphamvu imene amawononga imatsika ndithu.

Musanagule chilichonse, kayezetseni BP ndi shuga. Ngati pokwera chitunda mumva kuthina pachifuwa, kupweteka kotsikira kumkono kapena chizungulire, tsikani pomwepo, mukaonane ndi dokotala.

Njinga ikhale ya saizi yanu, kaya ndi yakaunjika. Chishalo ndicho chimalakwika kwambiri. Imani opanda nsapato, yezani kuchokera pansi kufika pamphechepeche, muchulukitse ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pomwe pamazungulira mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Wa masentimita 82 apeza 72. Chishalo chikatsika kwambiri, bondo limapweteka kutsogolo. Chikakwera mopitirira, limapweteka kumbuyo ndipo chiuno chimagwedera uku ndi uku. Sinthani mamilimita 5 okha nthawi imodzi.

Matayala a 28mm m'lifupi amapirira misewu yathu kuposa a 23mm. Munthu wa makilogalamu 80 apope pakati pa 70 ndi 80 psi (muyezo wa mpweya m'tayala). Mpweya ukachepa, tayala likagunda m'mphepete mwa dzenje limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Machubu a njinga zimenezi amakhala ndi valavu yopyapyala ya Presta, choncho pampu ya wokonza njinga za kabaza nthawi zambiri silowa. Nyamulani yanu, machubu awiri, zigamba ndi totsegulira tayala. Magiya a 50/34 kutsogolo ndi 11-32 kumbuyo (manambalawa ndi kuchuluka kwa mano a magiyawo) ndi okwanira zitunda za msewu wa Blantyre kupita ku Zomba. Kukankha giya yolemera pofuna kuoneka amphamvu ndiko kumapha mawondo. Miyendo izizungulira ka 80 mpaka 90 pa mphindi.

Tsopano za m'gulumo, pomwe ngozi zambiri zimachokera. Poyamba siyani mpata wa mita imodzi pakati pa tayala lanu lakutsogolo ndi lakumbuyo la mnzanu, muzichepetsa mukazolowera. Tayala lanu lisalowe m'mbali mwa lake. Iye akangokhotera pang'ono kuzemba mwala, matayala akhudzana, ndipo wogwa ndi inu wakumbuyo, pamodzi ndi onse okutsatirani. Maso akhale pamsana pake ndi kutsogolo kwake, osati patayala. Mukaona kuti mukumuyandikira, lekani kupalasa kapena dzutsani chifuwa mphepo ikugwireni. Buleki yadzidzidzi ayi.

Ikafika nthawi yanu yotsogola, musawonjezere liwiro. Atsopano ambiri amatero chifukwa cha chisangalalo, mzere n'kuduka. Tsogolani mphindi imodzi kapena ziwiri, yang'anani kumbuyo, patukani, mutsike mpaka kumapeto a mzere. Wotsogola ndiye maso a onse: dzenje, hampu, mchenga kapena mbuzi azilozere ndi dzanja n'kufuula, uthengawo uyende mpaka kwa womaliza. Womalizayo ntchito yake n'kuchenjeza za galimoto yobwera kumbuyo. Pa M1 yendani mzere umodzi kumanzere, ndipo minibasi iliyonse muziyiona ngati iima pompano, chifukwa imaimadi.

Botolo la madzi la mamililita 750 lizitha pa ola lililonse, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe ndi bwino kukhala mutabwerera 9 koloko isanakwane. Ulendo ukapitirira ola ndi theka, idyani nthochi imodzi kapena ziwiri pa ola musanamve njala. Mukadikira njala, miyendo imangofooka mwadzidzidzi ndipo simuchira msanga.

Sabata zoyamba yendani makilomita 20 mpaka 30 kawiri kapena katatu, pa liwiro loti mungathe kucheza. Posankha gulu, funsani liwiro lawo ndiponso ngati amadikirana pamwamba pa chitunda. Akati sadikira, yambani mwapeza lina. Helemeti ndi nyali yofiira yakumbuyo zisasowe, popeza mumanyamuka kusanache bwino.