Ulendo wa mpingo ku Mozambique: kayendedwe ka m'matchalitchi komanso zakudya

Abale ndi alongo amene mukukonza zopita ku Angonia kapena ku Tete ndi kwaya, amvano kapena gulu la achinyamata, chinthu choyamba lemberanani kaye ndi mpingo umene ukakulandireni. Musangonyamuka poti Mzimu watitsogolera ayi, abusa akumeneko nawo ali ndi pulogalamu yawo, ndiye kalata yochokera kwa abusa anu kapena ku sinodi ifike nthawi ilipo, ndipo kope lake mukhale nalo m'chikwama chifukwa pa boda kapena pa roadblock akhoza kukufunsani kuti anthu onsewa mukupita kwa ndani.

Za mapepala mwachidule: pasipoti ikhale yosatha nthawi, ndipo iziyenda nanu paliponse, osaisiya kogona. Olowera ku Dedza mutulukira pa Calomue n'kulunjika Ulongwe, olowera ku Mwanza ndi pa Zobue kenako Moatize mpaka Tete. Ndalama yawo ndi metical, sinthani pamalo ovomerezeka ndipo msungichuma wa gulu akhale ndi zing'onozing'ono za chopereka. Simu khadi ya Movitel kapena Vodacom imodzi ya gulu imakwanira. Minibasi kumeneko amati chapa.

Tsopano za kutchalitchi. Ku Angonia musadandaule za chilankhulo, anthu amayankhula Chichewa chathu chomwechi kungoti amasakanizamo Chipwitikizi makamaka pa manambala, masiku ndi nthawi, ndiye akakuuzani nthawi yoyambira mapemphero funsani kawiri kuti mumvetsetse. Mukatsikira ku Tete mupeza Chinyungwe ndi Chipwitikizi, apo ndiye pezani womasulira, ndipo mlaliki wanu aphunzire kuyankhula ziganizo zifupizifupi n'kumaima, osati kuthamanga ngati ali pa guwa la kwawo mpaka womasulira kusowa pogwira. Moni wa Chipwitikizi ndi bom dia m'mawa, boa tarde masana, obrigado pothokoza, amayi amati obrigada. Timawu titatu timeneti timatsegula nkhope za anthu kwambiri.

Ngati ndinu a CCAP dziwani kuti a mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique ndi abale enieni a Nkhoma Synod, onse anachokera ku mishoni ya Dutch Reformed, moti nyimbo zambiri mudzangozilowa osaphunzitsidwa. Akatolika muli ndi mishoni zakale ngati Lifidzi ku Angonia ndi Boroma kufupi ndi Tete m'mbali mwa Zambezi, zoyenera kukaziona ndithu. Koma chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi ichi, nthawi ya nkhondo yawo imene inatha mu 1992 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi, ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, Nsanje ndi kwina, ndiye m'mipingo imeneyi mukapezamo agogo amene anabatizidwira kwathu kuno, ena anaika ana awo m'manda a kuno. Apatseni mpata ayankhule. Musadzaze pulogalamu yonse ndi maulaliki ndi nyimbo zanu zokha, kwaya yawo iyimbe, akulu ampingo awo apereke umboni, inu mukhale pansi mumvetsere. Mwapita kukalimbikitsana ndi akhristu anzanu amene anasunga chikhulupiriro pa nthawi yowawa, simunapite kukawaphunzitsa kupemphera.

Mukafika lonjerani kaye abusa ndi akulu ampingo, ngati ndi kumudzi iwo akutengerani kwa amfumu. Khalani pomwe akuonetsani, ngati abambo mbali ina amayi mbali ina tsatirani zomwezo. Amayi chitenje ndi duku zisasowe. Mafoni m'thumba nthawi ya mapemphero, zithunzi jambulani mutapempha, makamaka za ana ndi odwala, ndipo chonde tisamaike pa Facebook zithunzi za tchalitchi chaudzu n'kulemba zoonetsa ngati anthu ndi omvetsa chisoni, zimawawa eni ake akaziona. Mphatso kaya ndi ma Baibulo, mabuku anyimbo, sopo, shuga, perekani kudzera kwa atsogoleri pamaso pa mpingo. Ndipo musalonjeze malata kapena njinga ya abusa pomwe simunakambirane ndi mpingo wanu.

Ndiye kubwera ku chakudya, apa mpomwe magulu ambiri amalakwitsa. Ambuye Yesu potuma ophunzira ake pa Luka 10 anawauza kuti adye zimene awaikira, ndipo ndi zoona, mayi amene wadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, wapha nkhuku yake yomwe amayembekeza kugulitsa, wakupakulirani nsima n'kugwada ndi beseni lamadzi osamba m'manja, inu n'kunena kuti takhuta mabisiketi m'galimoto, mwamupweteka mtima kuposa mmene ulaliki wanu ungamutonthozere. Idyani, ngakhale pang'ono, ndipo muyamikire mokweza. Amene ali ndi matenda a shuga, BP kapena zakudya zina zimawadwalitsa anene msanga kwa mtsogoleri wagulu kuti ophika adziwiretu, zimenezo aliyense amamvetsa.

Nsima amati xima ndipo siyosiyana ndi yathu. Ku Angonia kuli mbatata ya kachewere yambiri ndi nyemba zabwino. Buledi wawo uja amati pão, wolimba kunja wofewa mkati, mugule wotentha m'mawa mumwere tiyi, simudzaiwala. Ku Tete yesani nyama yambuzi, imatchuka dziko lonse, komanso chicoa, nsomba youma yamchere yochokera ku Cahora Bassa, imeneyi amayamba aiviika m'madzi kuti mchere uchepe kenako kuotcha kapena kuphika ndi tomato. Mukapeza matapa musadabwe, ndi chigwada chosinja chotendera koma amathiramonso mkaka wa kokonati, nthawi zina ndi nkhanu kapena ma prawns, ndiye amene zam'madzi zimawatulutsa ziwengo afunse kaye. Nkhuku yootcha ya piri-piri ndiyokoma koma tsabola wake thirani pang'onopang'ono. Masau ndi malambe nawo ndi ambiri nyengo yake.

Tete kumatentha zedi makamaka Okutobala ndi Novembala, madzi akumwa nyamulani okwanira, am'botolo kapena owiritsa, ka ORS ndi neti ya udzudzu zisatsale. Ku Angonia ndi zosiyana, Juni ndi Julayi kumazizira ngati ku Dedza, tengani juzi ndi bulangete.

China, gulu la anthu ambiri limadya zambiri, musasiyire mpingo wakumudzi mtolo wonse. Sonkhani ndalama yandiwo, mafuta ophikira ndi nkhuni muipereke mwakachetechete kwa mayi wapampando wa amvano tsiku lofika, ndipo achinyamata anu alowe nawo kukhitchini, kutsuka mbale, kutunga madzi. Musananyamuke tenganani manambala ndi mlembi wa mpingo ndipo mugwirizane mwezi umene iwonso adzabwere kwanu, kuti mukafika kumudzi mukayambe kukonzekera za kogona ndi chakudya chawo.