Mmene mungapezere kholo losadziwika pogwiritsa ntchito DNA

Musathamangire kudziyezetsa nokha. Ngati m'banja mwanu muli wamkulu amene akadali moyo, kaya ndi agogo, azakhali kapena amalume, yambani ndi iwowo, bola akhale ochokera mwa kholo mukulifunalo. Mwana amatenga theka la DNA kwa bambo, theka kwa mayi, choncho mbali ya khololo imanka ichepa m'badwo uliwonse: mwana wake ali ndi 50 peresenti, mdzukulu pafupifupi 25, mwana wa mdzukuluyo pafupifupi 12.5. Ine ndinkafufuza bambo awo a agogo anga aakazi, amene dzina lawo silinalembedwe paliponse, ndiye ndinapempha mayi anga kuti ayezetse ndiwo.

Sankhani kuyezetsa kwa autosomal, komwe kumaona mbali zonse za banja. Ku kampani yoyeza DNA ya AncestryDNA munthu amalavulira m'kabotolo, pomwe ku makampani a FamilyTreeDNA ndi MyHeritage amangopaka kathonje m'kati mwa tsaya. Okalamba ambiri malovu amawavuta, kathonje ndiye kamawapepukira. Asadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 30 asanayezetse.

Zotsatira zikabwera, maso amathamangira pa maperesenti a mitundu ya anthu. Musatayepo nthawi, dzina la munthu simulipeza pamenepo. Pagona nkhani ndi pa mndandanda wa anthu amene DNA yawo ikufanana ndi ya woyezetsayo. Pambali pa dzina lililonse pamakhala nambala ya ma cM, muyeso wa kuchuluka kwa DNA yofananayo. Kholo ndi mwana wake amagawana ma cM pafupifupi 3,500, agogo ndi mdzukulu pafupifupi 1,750, asuweni pafupifupi 850. Nambala imodzi ikhoza kutanthauza maubale angapo, ndiye ilembeni m'chida chotchedwa Shared cM Project pa webusaiti ya DNA Painter kuti muone onse otheka.

Kenako agaweni anthuwo m'magulu. Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya Dana Leeds ya mu 2018. Lembani mayina a onse a ma cM 90 mpaka 400, wa ma cM ambiri pamwamba. Woyambayo mupatseni mtundu, tinene wofiira, ndipo aliyense amene akufanana naye mum'pake wofiira womwewo. Pitani pa dzina lotsatira lopanda mtundu, mulipatse wina, mupitirize choncho. Zikayenda bwino mumatsala ndi magulu anayi, lililonse la mmodzi mwa agogo anayi a woyezetsayo. Kwa mayi anga, magulu atatu anali ndi mayina oti tinkawamva m'banja. Lachinayi munalibe ndi mmodzi yemwe womudziwa, ndipo ndinazindikira kuti abale a munthu ndinkamufunayo ndi amenewa. Dziwani kuti kumene achibale akhala akukwatirana okhaokha, magulu amalowana ndipo manambala amakwera kuposa ubale weniweni.

Gulu lachilendolo likufuna kudekha. Tsatani makolo a aliyense chobwerera m'mbuyo, pogwiritsa ntchito zikalata za kubadwa, za ukwati ndi za imfa, mpaka mutapeza banja limodzi limene onse akukumanapo. Mukalipeza, tsikani nalo: lembani ana awo onse aamuna, ndipo aliyense mumuyese ndi mafunso awiri. Anali ndi zaka zingati pa nthawiyo? Nanga ankakhala kuti?

Anthu ofanana nanu akachepa, tsitsani fayilo ya zotsatira muiike pa GEDmatch, webusaiti yofananizira DNA, ndi pa FamilyTreeDNA. AncestryDNA silandira mafayilo ochokera kwina. Musanaike, werengani za chinsinsi ndipo muwafotokozere eni ake a DNA-yo, avomere okha. Kuyezetsa kwina kotchedwa Y-DNA, koona DNA imene amuna okha ali nayo, kumathandiza pokhapokha mzerewo uli wa amuna okhaokha, kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna.

Polembera anthu a m'gulu lija, fikani mwaulemu. Atchulireni nambala ya ma cM, muwafunse za agogo awo, nkhani ya mwana wobadwa mosadziwika ibwere pambuyo, chifukwa kwa iwo ikhoza kukhala yopweteka. Mukatsala ndi amuna awiri apachibale, musasankhe mongoganiza. Pemphani mdzukulu wa aliyense ayezetse. Mdzukulu wa kholo lenilenilo nthawi zambiri amaonetsa ma cM ochuluka pafupifupi kawiri kuposa wa mbale wakeyo.