Momwe mungachotsere matchanelo osafunika pa Tvheadend kuti asabwererenso

Mlamu wanga atabwera kudzacheza, anatenga rimoti kuti aonere nkhani zamadzulo. Anadina, sikirini bii. Anadinanso, kunatuluka wailesi yamawu okhaokha. Pomwe ankafika pa tchanelo chomwe ankafuna, mitu yankhani inali itatha. Anangoika rimotiyo patebulo n'kunena kuti, "Alamu, zimenezi ndi za inu nomwe." Tsiku lomwelo ndinayamba kupalira mndandanda wanga.

Ngati mumajambula mapulogalamu a kanema pa kompyuta kapena pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, pogwiritsa ntchito Tvheadend (pulogalamu yolandira ndi kujambula matchanelo a TV) ndi katyuna ka DVB-T2 (kolandira TV ya digito ya pa eriyo) kolowetsa pa USB, vuto ili mukulidziwa. Chichokereni ku analogi kupita ku digito, kusintha komwe mayiko a chigawo chathu chino anapatsidwa malire a pa 17 June 2015, eriyo imodzi imakoka zinthu zambiri. Imakoka matchanelo aulere, mawailesi, komanso matchanelo olipira ngati a GOtv, omwe amabwera otsekedwa ndipo katyuna kokha sikangawatsegule. Tvheadend siisankha, imatola zonse.

Musanakhudze kalikonse, mvetsani kaye mawu atatu awa, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Mux ndi fulikwensi imodzi yonyamula matchanelo angapo pamodzi, ngati minibasi. Service ndi aliyense wokwera m'minibasimo, monga mmene owulutsa amutumizira. Channel ndi dzina lomwe inu mumaliona pa mndandanda wa pa TV, ndipo limakolekedwa ku service. Tvheadend ikamafufuza mumlengalenga imapeza ma service. Mukafufuta service, ulendo wotsatira iipezanso n'kuilembanso ngati yatsopano. Ine ndinafufuta katatu konse, ndikumadabwa kuti zikumeranso bwanji ngati thengo la m'dzinja. Njira yake ndi kuzimitsa. Service yozimitsidwa imakhalabe m'kaundula, ndipo pulogalamuyo imakumbukira kuti simuifuna.

1. Sungani kaye zomwe muli nazo

Imitsani Tvheadend ndipo koperani foda yake yonse pa fulashi. Pa Debian ndi Ubuntu (mitundu ya Linux) fodayi imakonda kukhala pa /home/hts/.hts/tvheadend kapena /var/lib/tvheadend, kutengera mtundu womwe munaika. Mukalakwitsa, mungobwezeretsa fodayo basi.

2. Lowani ndi kutsegula zonse zobisika

Yatsaninso Tvheadend. Pa burawuza lembani adiresi ya makina omwe ali ndi Tvheadend, kenako :9981 kumapeto. Pitani ku Configuration, DVB Inputs, kenako Services. Pamwamba chakumanja pali View level. Isintheni ikhale Expert, apo ayi mizere ina yofunika simuiona.

3. Zimitsani ma service omwe simukuwafuna

Apa ndiye pagona ntchito yonse, choncho musapupulume. Dinani mutu wa mzere wa Encrypted kuti otsekedwa onse aunjikane pamodzi. Sankhani woyamba, gwirani Shift, dinani womaliza, kenako Edit. Pawindo lomwe lituluke chotsani kuchonga pa Enabled. Mukamasintha ambiri nthawi imodzi, pambali pa chinthu chilichonse pamakhala kabokosi kena kotsimikizira kuti ndi chimenecho chomwe mukufuna chisinthe. Mukakaiwala, mudina Save koma palibe chichitike. Kanandidyera nthawi kabokosi kameneka.

Mukathana ndi otsekedwa, yang'anani otsalawo mmodzimmodzi. Kumayambiriro kwa mzere uliwonse kuli Play. Musadalire dzina lokha: pamakhala ma service a mayina achilendo kapena opanda dzina, ena ndi oyesera chabe, ena ndi otumizira madikoda mapulogalamu atsopano, koma nthawi zina mupeza tchanelo chenicheni chabisala kuseri kwa dzina losamveka. Onerani masekondi ochepa musanaweruze.

Mawailesi amawu ine sindiwazimitsa. Usiku eriyo imawakoka bwino kuposa kawailesi kakukhitchini. Ndimangowaika pagulu lawolawo, monga muonere pansipa.

Ngati mwapeza kuti mux yonse ndi ya matchanelo otsekedwa okhaokha, pitani ku Muxes mukaizimitse yonseyo. Izi zimapeputsanso ntchito ya katyuna, chifukwa sikatayanso nthawi kuyendera fulikwensi yopanda phindu. Koma onetsetsani kaye kuti mulibe ngakhale tchanelo chimodzi chomwe mumaonera. Mukazimitsa mux chifukwa chodana ndi tchanelo chimodzi, mwatsitsa okwera onse m'minibasi.

4. Yeretsani mndandanda wa matchanelo

Kuzimitsa service sikuchotsa dzina pa TV. Pitani ku Configuration, Channel / EPG, kenako Channels. Kuno tsopano mukhoza kufufuta, pakuti Tvheadend siipanga yokha channel yatsopano popanda kuuzidwa, kupatula kudzera pa Bouquets (onani gawo 5). Matchanelo ambiri osafunika analowa tsiku loyamba lija, pomwe munadina Map all services chifukwa chofuna kuona chithunzi msanga.

Chenjezo limodzi: musanafufute, suzumirani ku Digital Video Recorder, pa Autorecs ndi Timers. Malamulo ojambulira omwe munawakoleka ku tchanelo chomwe mukufufutacho amapita nacho limodzi. Izi zimapweteka makamaka pomwe tchanelo chimodzi chikuoneka kawiri, chifukwa eriyo ikukoka kuchokera ku milongoti iwiri. Mukhoza kufufuta chomwe chinali ndi lamulo lojambula mpira wa Loweruka, n'kusiya chinzake chopanda kanthu. Zikatere ndi bwino kutsegula tchanelo chomwe chili ndi malamulocho, n'kuonjezera service yachiwiriyo pa Services, kuti zonse ziwiri zikhale pansi pa dzina limodzi. Kenako ku Services ipatseni Priority yokwera yomwe imagwira bwino. Tchanelo chinacho chopanda malamulo fufutani.

Ngati mukukayika, ingochotsani kuchonga pa Enabled osafufuta. Chisowa pa TV koma zake zonse zikhalapo.

Muli komweko, patsani otsalawo manambala pa Number. Kwathu MBC ili pa 1, Times pa 2, Zodiak pa 3, poti ndi mmene agogo anazolowera.

5. Tsekani zipata zomwe zimalowera

Zipata zake ndi ziwiri. Choyamba ndi Bouquets, pafupi ndi Channels pomwepo. Ngati pali bouquet (mtolo wa matchanelo wokonzedwa kale) yoyatsidwa yochongedwa Auto-map to channels, imapanga matchanelo yokha popanda kukufunsani. Chotsani kuchongako.

Chachiwiri ndi inu nomwe. Tsiku lina kudzabwera tchanelo chatsopano ndipo mudzafuna kuchionjezera. Sankhani service yakeyo yokha, mugwiritse ntchito Map selected services. Ngati mwaganiza zokoleka zonse, onetsetsani kuti Include encrypted services ndi yosachonga, ndipo Merge same name ndi yochonga kuti mayina ofanana asabwere kawiri.

Pa Networks, ku DVB Inputs kuja, palinso Skip startup scan. Kuno kwathu komwe magetsi amathima n'kuyakanso tsiku lomwelo, ichongeni. Popanda kutero, makina akangodzuka amayamba kufufuza mafulikwensi onse m'malo mokhala chete kudikira ntchito.

6. Zomwe ena akufuna koma ena ayi

Pali matchanelo omwe simungawachotse chifukwa wina m'nyumbamo amawakonda. Mayi aana amafuna a mapemphero, ana akufuna makatuni. Pangani magulu pa Channel Tags, monga Nkhani, Ana, Mapemphero, Mawailesi, ndipo tchanelo chilichonse chipatseni gulu lake. Ndiye ku Users, pa Access Entries, munthu aliyense mungamupatse dzina lolowera lomwe limaona magulu ake okha. TV ya kuchipinda kwa ana imangoonetsa za ana.

7. Uzani Kodi kuti zinthu zasintha

Ngati mumaonera kudzera pa Kodi, pulogalamu yoonetsera matchanelowa pa TV, nthawi zambiri imatsatira yokha. Mayina akale akakakamirabe, pitani ku Settings, PVR & Live TV, General, mudine Clear data. Itenganso mndandanda mwatsopano kuchokera ku Tvheadend. Dziwani kuti magulu ndi matchanelo omwe munabisa mu Kodi momwemo afufutika, n'chifukwa chake ndimakonda kukonzera zonse ku Tvheadend. Kubisa mu Kodi kumagwira pa TV imodzi yokhayo, pa foni mudzawapezabe ali mbwee.

Pomaliza zimitsani makina onse, muyatsenso, ndipo pa Networks dinani Force scan mwadala. Dikirani imalize, kenako tengani rimoti muyende kuchokera pa 1 mpaka kumapeto. Chikatulukira chachilendo, pitani mukayang'ane ku Bouquets poyamba.