Momwe mungasankhire tinthu togawa ulere ngati mumagulitsa zopanga pamanja

Ine ndimasoka zikwama za chitenje komanso kupanga ndolo ndi zibangili za mikanda kuno ku Kasungu boma. Amayi anzanga a ku banki m'khonde amakonda kundifunsa kuti, "Kodi tinthu mumagawa ulere tija sitikugwetsani?" Tinandigwetsapo kamodzi, ndipo ndifotokoza pomwe panalakwika. Koma tiyambe ndi zoyambirira.

Musasokoneze sampulo ndi basela. Basela mumapatsa munthu amene wagula kale, monga achitira amayi a tomato pamsika. Sampulo imapita kwa munthu amene sanatulutseko ngakhale tambala, kuti aone ntchito ya manja anu n'kuikhumbira. Ndiye ndalama yake isachoke pa mpamba. Ine ndinadziikira malire: zogawa za mwezi wonse zisapose phindu la chikwama chimodzi. Zikakwana pamenepo, basi, ngakhale abwere mlamu wanga.

Kenako sankhani kanthu kake. Osagawa chinthu chomwe mumagulitsacho. Mukapatsa munthu chikwama, mwamuchotsa pa mzere wa ogula kwa chaka chathunthu. Mupatseni kamwana kake: kokolekera makiyi, kachikwama ka zipi koikamo chiphaso ndi ndalama ya kabaza, kapena komangira tsitsi. Ndisanadule nsalu ndimadzifunsa ngati kanthuko kazituluka naye panja munthuyo. Timphasa ta patebulo n'tokongola, koma timakhala m'nyumba, amationa ndi alendo a pa Khirisimasi okha. Kokolekera makiyi kamapita ku ofesi, ku tchalitchi, ku maliro. Kakhalenso kanthu koti mutha kumaliza m'mphindi 20, apo ayi mudzapezeka mukusokera zaulere pomwe oda ya munthu ikudikira.

Pali anyamata ena amayenda m'mashopu kutsatsa zolembera ndi makalendala osindikizapo dzina la bizinesi. Zimenezo zisiyireni ogulitsa feteleza. Cholembera chimaonetsa luso la wosindikiza, osati lanu, ndipo amafuna muode zambiri nthawi imodzi, ndalama mupereke pasadakhale. Mnzanga wina anapereka, mnyamatayo mpaka lero foni yake sipezeka.

Nsalu musagule yatsopano. Tizidutswa totsala podula zikwama ndi tokwanira, ndipo tikachepa pitani kwa matelala a pakhonde, ambiri amangotisesa n'kutaya. Ena anachenjera, anayamba kugulitsa pa jumbo, komabe n'zotchipa.

Tsopano apa ndi pomwe ndinapsa, ndiye muwerenge mofatsa: tizitsulo.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, kuphatikizapo tingowe ta ndolo, mphete za makiyi ndi mazipi. Chaka chotsatira, pokonzekera tsiku la anakubala la pa 15 Okutobala, ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe kukapikula. Shopu yomwe ndinkagulako kale mtengo wake unandiopsa. Ndikutuluka, mnyamata wina anandiitana, "Amayi, zomwezo ndili nazo pa theka la mtengo, zangofika kumene." Zinkawala bwino m'kapepala kake. Mumtima ndinati, iyayi, izi n'zogawa ulere, zabwino ndisungire ogula. Maganizo amenewo ndiwo anandipweteka.

Ndinapanga ndolo zokwana anthu 40 ndi tokolekera makiyi 30. Zina ndinagawa pa bridal shower ya mwana wa mnzanga, zina kwa amayi a ku tchalitchi. Sabata isanathe foni inayamba kulira. Wina akuti makutu akuyabwa, wina akuti atupa. Mayi wina wachikulire, yemwe ndimamulemekeza kwambiri, anangonditumizira chithunzi cha khutu lake pa WhatsApp osalembapo kalikonse. Mvula itayamba, mphete za makiyi zija zinachita dzimbiri mpaka kudetsa nsalu. Ndipo kumbukirani, pa kanthu kalikonse ndinali nditamangirirapo dzina langa ndi nambala. Ndinalipira ndekha ndalama yoti anthu 70 adziwe kuti ntchito yanga ndi yosalimba. Wolandira safunsa kuti munamupatsa ulere kapena ayi, amangoti ndolo za mayi uja zimayabwa.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti tingowe totchipa timakhala ta chitsulo wamba chongopakidwa pamwamba, ndipo nthawi zambiri mumakhala chitsulo china chotchedwa nickel, chimene khungu la anthu ambiri limadana nacho. Utoto wowalawo ukangosupuka ndi thukuta, vuto limayamba. Choncho masiku ano ndimachita izi, ndipo sindidumpha ngakhale ndili pa changu. Ndimagula kaye tochepa. Titatu kapena tinayi ndimativiika m'madzi amchere usiku wonse, m'mawa n'kutiyanika pa kansalu koyera masiku awiri. Kansaluko kakachita madontho ofiirira, paketi yonse ndaikana. Zikapambana pamenepo, ndolo imodzi ndimavala ndekha masiku atatu, ina ndimapatsa mng'ono wanga amene makutu ake sachedwa kukwiya. Wogulitsa akakana kukugulitsani tochepa, akuti mutenge paketi yonse pompo, tembenukani. Amene amati "stainless" (chosachita dzimbiri) pakamwa pokha osakulolani kuyesa, yemweyonso.

Chitenje nachonso muyese. Nyowetsani kansalu koyera, pakani sopo pang'ono, tikitani pakona. Kakatenga mtundu, chitenjecho chidzathimbiriza bulauzi ya munthu tsiku lomwe mvula yamupeza. Zipi itsegulidwe n'kutsekedwa kangapo musanaisokere, chifukwa zina zimalumana bwino kawiri kokha.

Kunena zoona, kuyambira nthawi imeneyo ndolo sindigawanso. Ndinaona kuti kanthu kolowa m'thupi la munthu n'koopsa kukagawa chigawire. Ndimagawa tokolekera makiyi ndi tizikwama ta zipi, ndolo azigula amene wazikonda.

Nambala yanu ikhalepo, ndipo ikhale yosafufutika. Kapepala kolemba ndi cholembera kamatha tsiku lomwelo. Dulitsani chidindo kamodzi, muzidinda pa tizidutswa ta katoni, koma koposa zonse lembani nambala ndi maka (cholembera cha inki yosachoka) pa kansalu ka riboni n'kusokera m'kati. Ikhale nambala ya WhatsApp yomwenso mumalandirira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pa kakatoniko ndimalembaponso mtengo wa chikwama chimodzi, kuti munthu asaope kufunsa.

Ogawira asankheni ndinu, osati akusankheni iwo. Mukaunjika patebulo pamsika, ana a sukulu atha zonse pasanafike 10 koloko. Ine ndimapatsa anthu amene manja awo amaonedwa ndi anthu ambiri: mayi wa saluni, anamwino, aphunzitsi, atsikana a m'mashopu, ndi anyamata a njinga zamoto, amene makiyi awo amalendewera tsiku lonse pamaso pa okwera. Achibale ayi. Amayamikira kwambiri, koma akadzafuna chikwama adzati mulembe ngongole.

Nthawi nayo muiyang'ane. Kuno ndalama imayenda msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, cha mu Epulo kupita mtsogolo, komanso kumapeto kwa mwezi a boma akalandira. Januwale ndi Febuluwale musavutike, anthu maso ali pa chimanga ndi fizi.

Zotsalazo n'zosavuta. Khalani ndi kope, lembani amene mwampatsa ndi tsiku lake. Kasitomala watsopano aliyense mufunseni kuti wamva kwa ndani. Jambulani kanthuko muike pa status ya WhatsApp. Pakatha miyezi itatu, onani m'kope muja: kanthu kamene sikanabweretse munthu kasiyeni. Kwa ine tomangira tsitsi sitinabweretse aliyense, pomwe kachikwama kamodzi komwe ndinapatsa mayi wa saluni ya pafupi ndi depoti kanandibweretsera maoda asanu ndi limodzi, awiri mwa iwo ochokera ku Santhe.