Momwe mungasinthire ball joint ndi press popanda kuwononga control arm

Magalimoto oyenda msewu wa ku Thekerani, komanso onyamula nthochi ndi zinanazi kuchokera m'midzi kupita ku Chitakale ndi ku Limbuli, amatha ball joint msanga. Labala wake akangong'ambika, fumbi la mu Okutobala ndi matope a mu Febuluwale zimasakanikirana ndi girisi n'kumapala chitsulo m'kati. Kachipangizo kameneka ndi kamene kamalumikiza control arm, mkono wachitsulo wochokera ku thupi la galimoto, ndi knuckle, chitsulo chomwe chagwira tayala. Kakaguluka muli pa liwiro potsetsereka, tayala limagona pansi ndipo chiwongolero sichikumveraninso.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi lomwelo. Kwezani galimoto, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Mnzanu asuzumire kuseri aone pamene pakusewera, chifukwa bearing yakutha nayonso imagwedeza tayala chimodzimodzi. Onaninso mmene ball joint yanu inamangidwira. Ya Corolla zambiri ndi ya mabawuti, mumangomasula n'kuika ina, press (chipangizo chokankhira ball joint kuti ituluke kapena ilowe m'bowo) siifunika. Press ndi ya ija yomwe anachita kukanikizira m'bowo la control arm kapena la knuckle.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, ikani miyala kumatayala akumbuyo, masulani pang'ono manati a tayala isanakwere. Ikakwera ikhazikeni pa ma stand achitsulo. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Ngati sipuling'i kapena torsion bar (ndodo yachitsulo yogwira ntchito ya sipuling'i) ikukankha control arm yam'munsi, ichirikizeni ndi jeke musanamasule kanthu, apo ayi idzafwamphukira pansi ndi mphamvu yothyola dzanja.

Chotsani tayala. Caliper, chitsulo chomwe chimapana mabuleki, ikakutchingirani imasuleni n'kuikoleka ndi waya pamwamba, isalendewere pa paipi yake. Kawaya ka ABS kasunthireni pambali. Zulani split pin, kawaya koletsa nati kumasuka, kenaka masulani nati ya ball joint koma muisiye ikugwira mazinga awiri kapena atatu. Tsopano menyani ndi hamala m'mbali mwa chitsulo chomwe mwendo wa ball joint walowamo, osati pamutu pa mwendowo, mpaka ulekane. Amene ali ndi separator, chipangizo cholekanitsira ball joint, agwiritse ntchito imeneyo. Nati ija munaisiya ndi yomwe imaletsa zinthu kugwa nthawi imodzi.

Pa ball joint zambiri pali kamphete kachitsulo koziletsa kutuluka m'bowo, snap ring, komwe nthawi zambiri kamabisala m'dothi ndi dzimbiri. Palani ndi bulashi ya waya mukaone, kachotseni ndi pulayazi. Ambiri amalimbana ndi press mpaka thukuta kamukamu, kumanena kuti chipangizo n'chabodza, pamene kampheteka kadakali pamalo pake. Thirani mafuta omasula dzimbiri mudikire kanthawi.

Apa ndiye pagona ntchito. Press imeneyi ndi chitsulo chokhuthala chopindika ngati chilembo cha C, chokhala ndi bawuti yaikulu ndi makapu achitsulo osiyana kukula. Mufunika awiri. Kapu yolandirira ikhale yotakata kuposa ball joint, itsamire pa control arm mbali yomwe ball joint ikutulukira, kuti ipeze malo ogweramo. Inayo ikhale yocheperako kuposa bowo, ndiyo yokankha. Mbali yotulukira muidziwa poona mlomo wotambalala wa ball joint: imatulukira kumene kuli mlomowo. Mukasokoneza mbali, mudzakhala mukupanikiza chitsulo pa chitsulo chinzake mpaka C uja akhadzuke kukamwa. Pakani girisi pa mazinga a bawuti yaikuluyo, mangani ndi dzanja kaye, kenaka yang'anani kutsogolo ndi m'mbali ngati bawuti, makapu ndi ball joint zili mzere umodzi. Zikapendama ngakhale pang'ono, masulani muyambirenso. Potembenuza gwiritsani sipanala yaitali. Ikauma zedi, isiyeni ili chomangika, gogodani control arm m'mbali mwa bowo, mumva kuti "pha!" ndipo kuchokera pamenepo iziyenda yokha.

Yakale ikatuluka, tsukani bowo ndi sandpaper wosalala, mungochotsa dzimbiri, musakulitse bowolo. Liyang'aneni bwino ngati lili ndi mng'alu. Ikani yatsopano pambali pa yakale muone ngati zikufanana, chifukwa zogula ku Limbe zina zimalembedwa dzina la galimoto yanu koma kukula kwake n'kwina. Yatsopanoyo ikalowa m'bowo ndi dzanja lokha, control arm yatha, gulani ina. M'magaraji ena a m'mbali mwa msewu amangoiwotcherera ndi welding kuti igwire. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Moto umasungunula girisi ndi pulasitiki wa m'kati, ndiye mwalipira ball joint yatsopano n'kuipha tsiku lomwelo. Kukhomera ndi hamala nakonso kumakulitsa bowo, n'chifukwa chake ndi bwino kubwereka press kwa amakanika kusiyana ndi kukakamira hamala.

Poika yatsopano makapu amasinthana mbali. Yokankha itsamire pa mlomo wolimba wakunja, isakhudze chivindikiro chapakati, ndipo yolandirira ikhale yakuya kuti mwendo ndi labala zilowemo osapanika. Tembenuzani kawiri katatu, imani, yang'anani. Ikayamba mokhota musaikakamize poganiza kuti iwongoka m'njira, itulutseni. Pitirizani mpaka mlomo ugunde control arm kuzungulira konse ndipo kangalande ka snap ring kaoneke konse. Ikani snap ring yatsopano. Ngati ball joint ili ndi nipo, kapolowera girisi, popani mpaka labala atupe pang'ono basi.

Bwezerani knuckle, mangani nati pa mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Kabowo ka split pin kakapanda kulunjika, onjezerani kumanga, musabweze m'mbuyo, ndipo split pin ikhale yatsopano, osati msomali. Bwezerani caliper ndi tayala, tsitsani galimoto, pondani buleki kangapo musananyamuke.

Ball joint ya tayala la mbali inayo yayenda misewu yomweyo, choncho igwedezeninso lero lomwe. Mukamaliza kapangitseni alignment, kuwongola mayimidwe a matayala, chifukwa popanda imeneyo tayala lidzadyeka mbali imodzi mvula isanathe.